Galasi Lapakati pa Kauntala ya Polisi

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, chifukwa ndinapita kutali ndipo ndinabwerako wamoyo. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye mukapeza mawu opindika mundikhululukire. Amayi anzanga a kumpingo akhala akundifunsa kuti ku Joni ndinachokako bwanji, poti ndinatsika basi ndi jumbo imodzi yokha. Ndatopa kuyankha zidutswazidutswa pa mjigo. Ndilembe zonse kamodzi.

Kwathu ndi kwa Ndamera, ku Nsanje. Bambo a kunyumba atamwalira ndinatsala ndi mwana mmodzi, Tereza. Chaka chimene madzi anakokolola mapira ndi mbatata za kudimba tinadya nyika, mizu ija ya m'dambo, mpaka m'mimba kukana. Ndi pamene a Zuze a ku Chiromo, msuweni wa malemu amuna anga, anatumiza mawu kuti kumene akugwira ntchito ku Joni akufuna mayi wopukuta magalasi. Ndinagulitsa mbuzi, ndinapangitsa pasipoti, Tereza ndinamusiya kwa achemwali anga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Minibasi itadutsa Chikwawa n'kuyamba kukwera phiri, ndinacheuka. Chigwa chonse chinali pansi, Shire akunyezimira pakati. Ndinalira mpaka kondakitala anati, "Mayi, ngati ndi maliro nenani tiyimbe nawo."

Pamalire anandidindira masiku owerengeka. Masikuwo anatha ndisanadziwe ngakhale njira ya kumsika, ndipo kuyambira pamenepo ndinali munthu wopanda mapepala. Amene sanakhalepo moyo umenewu sangamvetse. Ukaona galimoto ya polisi umayenda ngati sunaione. M'takisi sulankhula. Foni ya kumudzi ikalira pagulu umaisiya ilire, kuopa kuti lilime likugulitsa. Tinkagona amayi anayi m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu. Ine mwana wa kuchigwa, wozolowera kugona pabwalo chifukwa cha kutentha, kumeneko ndinkagona ndi masokosi awiriawiri, mano akugogoda. Koma m'mawa tinkagwirana manja kupemphera tisanabalalike, ndipo wina akalandira mlamba wouma kuchokera kwawo, tonse tinkadya.

Kampani yathu inkapanga magalasi osalowa chipolopolo, oika m'mabanki, m'malo omwetsera mafuta, ndi m'mapolisi. Nditamva koyamba ndinaseka, chifukwa galasi limene ndinkalidziwa ine ndi lija limasweka ndi mwala wa legeni. Ili ndi lina. Amatenga magalasi angapo n'kuwamata lina pa linzake mpaka kukhuthala ngati Baibulo la paguwa. Limodzi lokha amanyamula amuna anayi, ndi zogwirira zomata ngati mapazi a nalimata, akubuula.

Chachikulu n'chakuti galasili lili ndi kumaso ndi kumbuyo. Kumaso ndi galasi lenileni, ndiko kumayang'ana anthu obwera, ndiko kumalandira chipolopolo. Kumbuyo amamatako pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi lomwe, ndiyo imagwira zidutswa kuti zisaulukire munthu amene wakhala mkati. Mu shedi yathu munali galasi loonetsera makasitomala limene analiwombera dala. Kumaso kwake kunali mabala oyera ngati thonje lophulika, kumbuyo kosalala bwinobwino. Pambali pake panali lina limene analiwombera atalitembenuza, ataimika katoni kuseri kwake. Chipolopolo chinaima ndithu, koma katoniyo inali mabowo okhaokha ngati sefa.

"Katoni iyi ndi nkhope ya munthu," anatero a Zuze tsiku langa loyamba. "Alamu, musadzaiwale."

Ndi maso sungasiyanitse mbali ziwirizi. N'chifukwa chake galasi likatuluka m'makina amalikuta ndi kapepala kopyapyala mbali zonse, kenako kumaso amamatako sitika yofiira. Amuna oika magalasi amangotsata sitikayo, poti iwo amavala magolovesi. Wolikhudza ndi dzanja lopanda kanthu ndinali ine, akamaliza kuliika, ndikamasenda kapepala kaja ndi kupukuta. Manja anga anaphunzira okha. Kumaso kumazizira ngati mtsuko wa madzi, ukagogoda ndi chikhadabo kumalira ngwee. Kumbuyo n'kofunda pang'ono, kumalira du du. Kumaso ndinkapala zomatira ndi lezala. Kumbuyo lezala n'loletsedwa, koma madzi a sopo ndi kansalu kofewa, ngati ukusambitsa khanda.

Kapitawo wathu anali mwini dziko. Tinamutcha a Changu chifukwa mawu awo anali amodzi, fulumirani. Sanali woipa masiku onse. Ankadziwa kuti ndilibe mapepala ndipo sankafunsa. Zaka zinapita choncho. Ndinkatumiza kangachepe kumudzi, Tereza anavala nsapato, anasankhidwa ku sekondale yogonera komweko, ine n'kuyamba kusungira malata.

Lachinayi lina ndinali kupukuta fumbi pa magalasi atatu oti akaikidwe ku polisi ina ya ku lokeshoni. Anali ataimikidwa pakati pa shedi, akadali m'mapepala awo. Sitika ya galasi limodzi inanyowa n'kugwa. Ndikutola, foni inalira. Anali achemwali.

"Madzi alowa," anatero. "Tathawira ku sukulu ya kumtunda."

"Tereza ali kuti?" Inali nthawi ya holide, anali pakhomo.

"Anapita kudimba m'mawa. Sitinamuone."

Foni inaduka. Ndinazungulira shedi ija sindikudziwa kangati, ndikuimba, osalowa, ndikuimbanso, osalowa, sitika ili m'manja. Pemphero langa linali la mawu ochepa: Ambuye, ndi mmodzi yekhayo. Patapita nthawi foni inalowa, ndinamva mawu a Tereza mwini wake. Asodzi anamutola pa bwato. Ndinagwada pa simenti pomwepo. Nditadzuka ndinaona sitika m'manja, ndinaimata pagalasi paja, n'kupitiriza ntchito ndikuimba. Sindinaganize n'komwe kuti ndaima mbali iti.

M'mawa mwake a Changu anati ndikwere nawo lole. Mayi amene ankapita ku ntchito za kupolisi, mwini dziko, anali atadwala.

"Alamu, ine kupolisi?" ndinanong'oneza a Zuze. Iwo mapepala awo anali abwino, anakhalitsa kumeneko.

"Valani ovolosi ndi chipewa cha kampani. Wapolisi saona munthu wonyamula chidebe. Mungotseka pakamwa."

Polisiyo inali itaonapo zoopsa. Miyezi ingapo m'mbuyomo achifwamba analowa masanasana kufuna mfuti, anawombera pa kauntala. Pakhoma pankaoneka zigamba za simenti yatsopano. Kauntalayo inali ndi mawindo atatu, lililonse ndi kampata pansi kopatsirana mapepala. Amuna anayamba kuika magalasi, ine ndinakhala pa chidebe pakona, chipewa nditachitsitsa mpaka m'maso. Nsapato iliyonse yakuda ikadutsa pafupi ndinkasiya kupuma.

Nthawi ya tiyi nsapato zina zinaima patsogolo panga. Anali sajeni wamkazi wa msinkhu wanga, dzina lake Nomsa, atanyamula kapu ndi buledi. Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo pakamwa panathawa mawu akwathu othokoza.

"Takhuta."

Anandiyang'ana. Ndinaweramitsa mutu. Iye anangomwetulira n'kunena m'Chizulu, chimene ndinkamva ndithu ngakhale kulankhula kunkandivuta, "Kwanu n'kutali eti, mama?" Sanafunsenso china. Analoza windo lapakati. "Mpando wanga ndi uwo. Tsiku lija ndinapita ndi mwana kuchipatala, ndiye mnzanga anakhalapo m'malo mwanga. Tinamuika Loweruka lake. Chiyambire, munthu akangopisa dzanja m'jekete, msana wanga umatuluka thukuta. Mutimalizire bwino, mama, ndikufuna ndizipuma."

Dzuwa litapendeka amuna anamaliza, ine ndinayamba. Windo loyamba linali bwino. Windo lachitatu linalinso bwino. Lapakati ndinalisiya komaliza kuti ndilipukute mofatsa, poti linali la mayi wa tiyi uja. Ndinaima mbali ya anthu obwera, ndinasenda kapepala pamodzi ndi sitika yake, ndinatenga lezala kuti ndipale zomatira m'mphepete. Lezala linaluma. Panatuluka kachidutswa kopindika ngati mamba a nsomba, panatsala mzere woyera.

Galasi silichita choncho. Ndinaika chikhatho. Kofunda. Ndinagogoda. Du du.

Ndinazungulira pakhomo la m'mbali, ndinalowa mkati mwa kauntala ngati ndikupita kukapukuta, ndinang'amba kapepala pakona. Kozizira. Ngwee. Pamenepo ndinaona shedi ija, foni kukhutu, sitika m'manja. Ndinaonanso katoni.

A Zuze anali kulongedza zitsulo m'bokosi. Ndinawerama pafupi nawo.

"Alamu, lapakati latembenuka."

"Nkhabe," anakana. "Sitika ndinaiona ndi maso anga."

"Sitikayo ndinamata ndine dzulo. Vulani golovesi mukagwire."

Anapita, anagwira, anabwera nkhope itagwa. Anayang'ana uku ndi uku.

"Mwauza ndani?"

"Inuyo."

"Zithere pompano. Chipolopolo chiima ndithu, n'lokhuthala lija."

"Nanga katoni ija munandionetsa?"

"Alamu, muli mkati mwa polisi. Inuyo, wopanda kapepala n'kamodzi komwe, mukufuna kudzutsa mlandu muno? Ganizani za Tereza."

Ndinamuganizira. Komabe ndinati ndiyese njira ya kuseri. A Changu anali panja pa lole akusanja mapepala oti mkulu wa polisi asayine kuti ntchito yatha bwino. Ndinawauza motsitsa mawu, ndinavomera kuti cholakwa n'changa. Anayang'ana wotchi. Linali Lachisanu. Kulichotsa kunatanthauza kumasula zitsulo zonse, kudula zomatira, ndipo poti ndinali nditalikanda, kunafunika galasi latsopano.

"Adziwa ndani?" anatero. "Kwera lole."

"Bwana, mayi amene akhale pamenepo..."

"Ndati kwera lole. Ukatsegulanso pakamwa, nanenso ndili ndi mawu oti ndinene muno. Wamva?"

Ndinamva. Ndinakwera, ndinakhala kumbuyo pakati pa zidebe. Chitseko cha polisi chinali chotsegula ndipo ndinkaona zonse. A Changu analowa, anayala mapepala. Mkulu wa polisi anatuluka mu ofesi akufunafuna bolopeni m'matumba. Sajeni Nomsa anakoka mpando wake mpaka pawindo lapakati, anakhala, anasendeza nkhope pafupi ndi galasi. Wapolisi mnzake anaima kunja n'kumuloza ndi chala ngati mfuti. Iye anaseka mpaka kugwira pamimba, anamutulutsira lilime ngati mwana.

Ndinapemphera pemphero limene mpaka lero ndimachita nalo manyazi. Ndinati, Ambuye, achifwamba asadzabwerenso pano, kuti ine ndisalankhule. Ndinkafuna Mulungu akhale mlonda wa bodza langa. Sindinganame kuti ndinamva mawu ochokera kumwamba. Sindinamve kanthu, koma injini imene dalaivala anali atailiza kale. Ndinangodziwa kuti sitika ija inamatidwa ndi dzanja langa, osati la a Changu, osati la a Zuze.

Ndinatsika.

"Alamu!" anaitana a Zuze. Sindinacheuke, chifukwa ndikanacheuka ndikanabwerera.

Mkulu uja anali atapeza bolopeni. Ine mawu a Chizulu onse anandithawa. Ndinagogoda pawindo lapakati, ndinakodola sajeni ndi dzanja. "Sisi, bwerani kuno." Anatuluka akudabwa. Ndinagwira dzanja lake, dzanja la wapolisi, ndinaliika pa windo loyamba. Kenako pa lachitatu. Kenako pa lake. Ndinaona nsidze zake zikukumana. Anabwereza yekha, uku ndi uku.

"Bwanji langa n'lofunda?"

"Lalowa chambuyo," ndinatero, ndikusakaniza zilankhulo zonse zimene ndinali nazo. "Akawombera, zidutswa zonse kumaso kwanu. Ndalakwitsa ndine."

A Changu anayamba kuseka mokweza, akuti mayiyu ndi wopukuta chabe, sadziwa kanthu za magalasi. Mkulu wa polisi anasendera ku mawindo. Anatulutsa kiyi m'thumba, anagogoda mawindo onse atatu mmodzimmodzi, akutchera khutu. Anapeza mzere wa lezala uja, anaupalasa ndi chikhadabo. Kenako anatembenukira kwa a Zuze, amene anali ataima pakhomo.

"Iwe ndiwe waika galasili. Akunena zoona?"

A Zuze anayang'ana a Changu, anayang'ana pansi, anavula chipewa. "N'zoona, bwana. Latembenuka."

Mkulu uja anabweza bolopeni m'thumba osasayina. Ndi pamene a Changu anachita zimene analonjeza.

"Ameneyu si wantchito wanga. Ndi waganyu, amutola awa panjira. Mufunseni mapepala muone ngati ali munthu womumvera."

Munali anthu ambiri, apolisi ndi odzadandaula omwe, ndipo onse anamva. Sajeni Nomsa analankhula mofulumira kwa mkulu wake, akutambasula manja. Mkuluyo anapukusa mutu. Mawu anenedwa pagulu, sakanachita ngati sanamve. Anandiyandikira, ndipo ndiwanenere zabwino, anafunsa mwaulemu.

"Mama, pasipoti?"

"Masiku anatha kalekale, bwana."

Anandilowetsa m'chitokosi cha amayi ndili ndi ovolosi yomweyo. Ndinakhalamo masiku angapo. Sajeni Nomsa ankabwera ndi chakudya cha kunyumba kwake, anandibweretsera bulangeti lachiwiri. Ankaima pa chitseko ali wachisoni, ine n'kumamutonthoza iyeyo. A Zuze anabwera ndi jumbo imene amayi anzanga a m'kachipinda aja analongedza: Baibulo, zitenje ziwiri, mswachi. Anati a Changu aitanidwa ku ofesi yaikulu ya kampani, koma za mathero ake sindinamve.

"Munandichititsa manyazi, alamu," anatero a Zuze. "Zaka zonsezi ndimaphunzitsa anthu za katoni ija, tsiku lake litafika ndinakhala katoni ndine."

"Munavomera, alamu. Mukanakana ndikanaoneka wamisala."

Tsiku londitumiza kumalo kumene amasunga anthu odikira kubwezedwa kwawo, anandimanga unyolo n'kundidutsitsa pa kauntala. Galasi latsopano linali litangoikidwa kumene pawindo lapakati. Sajeni Nomsa anaimitsa wondiperekeza.

"Sindikhalapo mpaka agwire mama awa."

Ndinakweza manja onse awiri, poti anali omangidwa pamodzi, ndinaika zikhatho. Kozizira. Ndinagogoda kawiri kuti nditsimikize.

"Lili bwino, sisi. Khalani."

Anavula juzi lake n'kundifunditsa pamapewa. Sindinamuonenso.

Za kumalo odikirira kuja sindilemba zambiri. Kunali mizere, nsabwe, ndi amayi a m'maiko osiyanasiyana amene tinkaimba nawo nyimbo imodzi aliyense m'chilankhulo chake. Zimene ndinkasungira malata zinathera kumeneko ndi m'njira. Potsika phiri kulowa m'chigwa, kutentha kwa kwathu kunandimenya kumaso, ndipo ndinathokoza.

Pakhomo sanandilandire ndi nthungululu. Amuna a achemwali anayang'ana jumbo yanga nati, "Katundu wina akubwera pa lole, eti?" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Tereza anali atatalika kundiposa. Anagwada patali n'kundipatsa moni ngati mlendo wa kumpingo. Sekondale yogonera ija anali atachokako, tsopano ankayenda wapansi ulendo wautali kupita ku yoyendera. Sanandifunse kanthu. Nkhani yanga anaimva ndikufotokozera ena.

Madzi ataphwa tinapita awiri kudimba kukabzala mbatata. Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kufika pamutu osalankhulana. Kenako anaimika khasu.

"Ndifunse?"

"Funsa, mwanawe."

"Achifwambawo anabweranso? Anawombera galasilo?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa." Anaseka kuseka kowawa. "Ndiye mwina palibe chimene chikanachitika. Mwina mpaka lero mayi wanuyo akanangokhala pamenepo akumwa tiyi, inu muli pantchito, ine ndili ku sukulu yanga."

"Mwina."

"Nanga munalankhuliranji? Munamudziwa tsiku limodzi. Ine munandibereka."

Ndinafuna kumuyankha ndi vesi, koma ndinaona kuti akufuna mayi wake, osati mlaliki. Ndinakhala pa mzere, ndinapukuta matope m'manja.

"Tereza, pa lole paja ndinakusankha iwe. Ndinakwera, ndinakhala pansi, ndinatseka pakamwa chifukwa cha iwe. Koma ndinaona kuti ndikatero ndidzakulera ndi khutu limodzi lili pa wailesi. Akangoti kwina awombera polisi, ine kufunsa kuti iti, windo liti. Ndikanabwera ndi malata, inde, koma sindikanagona pansi pake. Sindikunena kuti sunataye kanthu. Unataya, ndipo anakutayitsa ndine. Undikhululukire ukadzatha."

Anayang'ana kumtsinje. Misozi inkatsika koma sanaipukute.

"Sindinathe," anatero.

"Ndidikira."

Anatola khasu. Ndinaganiza kuti akubwerera ku mzere wake, koma anabwera pa wanga, umene unali utatsalira kutali, n'kuyamba kuunga kuchokera kumapeto kubwera kumene ndinali.

"Dzukani," anatero osandiyang'ana. "Mukulima ngati munthu wa ku Joni. Tikumane pakati."